Theka la eka la apongozi: zolemba za ulimi wophimbira ku Khombedza

Munda ndi wa apongozi anga aakazi, kuno ku Khombedza m'boma la Salima, ndipo ine ndili pachikamwini. Ndi maeka awiri ndi theka a dothi lamchenga lomwe lakhala likulimidwa chimanga chaka ndi chaka kuyambira mayi a ana anga ali kamtsikana. Mu 2023 tinakolola matumba 9 munda wonsewo, chonsecho tinathira matumba awiri a feteleza. Pansi pa msangu waukulu womwe uli pakona ya kum'mawa, chimanga chinali chobiriwira bii, chobereka bwino. Ukangoyenda mapazi khumi kuchoka pamtengopo, chinali cholekeza m'chiuno, kaufiti ali waa. Msangu umayoyola masamba mvula ikamayamba, ndiye umadyetsa nthaka osatchinga dzuwa. Ndinafuna kuona ngati zimene mtengo umodziwu ukuchita pakona tingazichite ndi manja pamalo okulirapo.

10 Juni 2023: kupempha malo

Mkamwini sakamba za munda maso ndi maso ndi apongozi, choncho pempho linadzera mwa mayi a ana. Yankho linabwera madzulo: "Auzeni bambo a ana atenge kumunsi kuja kuli kaufiti, koma asandiitanire chiswe m'munda."

Ndinayeza mapazi 70 mulitali ndi 35 mulifupi, ndiye theka la eka, ndipo ndinaligawa pawiri. Mbali ina ya chimanga, ina ya mtedza wosakaniza ndi nandolo, kuti chaka chinacho zidzasinthane. Alangizi athu anandiuza zitatu zokha: osagalauza nthaka, kuiphimba, ndi kasinthasintha wa mbewu. Mizere yakale ndinaisalaza kamodzi ndi khasu, ndipo kuyambira tsikulo sindinaungenso mzere pamalopo.

Mapesi a pamalo pomwepo anangokwana gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa munda woguga subereka ngakhale mapesi. Ndinapempha kwa anansi awiri omwe ankafuna kutentha awo. Anandipatsa ulere, koma ngolo inandidya K2,500 ulendo umodzi, maulendo anayi, K10,000. Tinayala ndi ana mpaka dothi losaoneka.

2 Julaye 2023: manyowa a chimato

Mulu woyamba ndinaumanga pambali pa khola, poyera. Pansi timitengo, kenako udzu wouma, masangwi a mtedza, manyowa a mbuzi, phulusa pang'ono, n'kubwerezanso mpaka kufika m'chifuwa. Pakati ndinazika mtengo, kunja ndinamata ndi dothi. Madzi ndinathira ndowa zinayi zokha chifukwa mjigo uli patali ndipo pamakhala mzere.

Patatha sabata zitatu ndinazula mtengo uja. Unali wozizira, wouma gwa. Nditaphwasula ndinapeza udzu uli momwe ndinauikira, pena pali mbuu ngati wawazidwa ufa. Mwera wa Julaye ndi dzuwa la kuno zinamwa madzi onse kudzera m'ming'alu ya dothi lomatira. Ndinausamutsira pansi pa mango, ndinaduladula udzuwo ndi chikwanje kuti ukhale waufupi, ndipo gawo lililonse ndinalinyowetsa mpaka ukafinya m'manja madzi azituluka pang'ono pakati pa zala. Zinalowa ndowa 14. Mnyamata wotunga panjinga ndinamupatsa K2,000. Tsiku lachinayi mtengo wa pakati unali wotentha moti sungaugwire nthawi yaitali.

17 Sepitembala 2023: moto

Lamlungu tili kutchalitchi, anyamata osaka mbewa anayatsa tchire la kumalire. Moto unalowa m'mapesi anga ngati waitanidwa. Pobwera tinapeza mbali yonse ya chimanga ili phulusa lokhalokha, utsi ukufukabe m'mauna omwe anakumba. Mbali ya mtedza inapulumuka chifukwa cha kanjira ka mapazi komwe kamadutsa pakati.

Zinandiwawa kwambiri, ndipo usiku umenewo sindinadye. Ndalama ya ngolo, masiku atatu oyala, zonse zinapita m'mphindi zochepa. Koma kulakwa kwina kunali kwanga. Mapesi oyalidwa mu Juni amakhala miyezi isanu akudikira mvula, ndipo m'miyezi imeneyo mbewa zimabisalamo, alenje amazitsata, mbuzi ndi ng'ombe zimakhala zotayirira. Palibe amene anandichenjeza za kutalika kwa nthawi imeneyi, ndipo ndikuona kuti ndi pamene ambiri amagwera ulesi n'kubwerera ku mizere.

Nkhani ndinakaitula kwa a mfumu. Anaitana makolo a anyamatawo, ndipo anagamula kuti anawo amwete udzu wobwezera. Anabweretsa mitolo 30 ya tsekera ndi udzu wa kudambo. Sindinauyale. Ndinausanja pathandala la mitengo kuseri kwa nyumba, pamwamba pomwe mbuzi sizifika. Kuzungulira munda ndinalambula mpata wa mapazi atatu, dothi lokhalokha.

8 Okutobala 2023: akalozera ndi mitengo

Malowa ndi otsetsereka pang'ono, ndipo pakati panayamba kachigwembe kofika m'bondo. Ndinapanga A-felemu, chida choyezera malo ofanana kukwera, ndi nsungwi zitatu, chingwe ndi mwala, n'kukhoma zikhomo za akalozera awiri, milambala yopingasa malo otsetsereka yotchinga madzi. Pa kalozera wa kumtunda ndinakumba ngalande yosunga madzi, yakuya mpaka m'bondo, dothi n'kuliunjika kumunsi kwake. Ganyu wa anthu awiri, K12,000. M'chigwembe ndinaika miyala ndi zikhomo motchinga malo atatu.

Nazale ndinaikonza pafupi ndi bafa kuti madzi osamba azithandiza. Njere za msangu ndinatola pansi pa mtengo uja. Zili ndi khungu lolimba, ndiye iliyonse ndinaidula pang'ono kumbali ndi chowengera zikhadabo n'kuziviika usiku umodzi. Machubu 40, K2,000. Mbewu ya gilisidiya, mtengo wobwezeretsa chonde m'nthaka, ndinapatsidwa ndi mlimi wachitsanzo wa mudzi woyandikana nawo.

Msangu unamera bwino koma ndinaufesa msanga. Muzu wake umathamangira pansi kuposa mmene mtengo ukukulira pamwamba, ndipo pofika Disembala unali utaboola machubu n'kulowa m'nthaka. Pozula, mizu inaduka. Pa 40 inagwira 11. Imene ikukula bwino koposa si ya m'machubu ayi, ndi mphukira zinayi zomwe zinamera zokha m'munda, zimene kale tinkazidula polima. Ndinangozisadzira, kusiya nthambi imodzi yowongoka, n'kuzika kamtengo pambali kuti wopalira aziona.

12 Novembala 2023: Mbeya

Feteleza ndinagula mochedwa. Sabata yomweyo ndalama ya kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo m'mashopu a ku Kamuzu Road inkasintha m'mawa ndi madzulo. Thumba lathunthu sindikanakwanitsa. Ndinagula woyeza pasikelo, makilogalamu 10 a NPK ndi 10 a Urea, K36,000 zonse.

Fetelezayo ndinamuchulukitsa popanga Mbeya, manyowa osakaniza feteleza pang'ono ndi zinthu zapakhomo, ndipo thumba lililonse ndinasakaniza motere: feteleza makilogalamu 10, madeya 20, phulusa losefa 10, zitosi za nkhuku zouma zopunthapuntha 10, madzi malita 5. Madeya ndinagula kuchigayo K7,000. Zonse zimalowa m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga kuti mpweya usalowe, n'kudikira masiku 21.

Thumba la NPK linapsa bwino, fungo lake ngati la mowa wamasese. La Urea linandiphunzitsa kanthu. Nditalimasula, fungo linandilasa m'maso mpaka misozi. Alangizi anandiuza kuti fungo limenelo ndi chakudya cha mbewu chomwe chikuthawa, chifukwa phulusa likakumana ndi Urea pachinyezi limamutulutsa ngati mpweya. Kuyambira pamenepo Urea sindimusakanizanso ndi phulusa. Mbeya ndimapanga wa NPK yekha, Urea ndimathira payekha n'kukwirira.

19 Disembala 2023: kubzala

Udzu wa pathandala ndinauyala kumapeto kwa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana kunyanja. Mvula yobzalira inagwa pa 17. Chimanga ndinabzala Kanyani, makilogalamu awiri, K9,500: mizere yosaunga, yongotsata chingwe, yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Pachingwe ndinafinyira zitsekerero za mabotolo kuti zizilozera mapando. Kubowola ndi kamtengo kosongola.

Apa ndi pamene ndinadziwa zimene makasu a zaka zambiri anachita pansi. Kamtengo kankalowa chala chimodzi n'kugunda polimba ngati pamsewu. Pansi pa mizere yakale pali chikhakha chomwe khasu limagundapo chaka chilichonse osachiswa. Tinachita kubowola ndi chitsulo cha ekiselo ya njinga, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inatenga atatu. M'phando lililonse munalowa dzanja limodzi la manyowa a chimato mpaka pomwe anathera, chapakati pa munda. Mbeya ndinathira chimanga chitamera, zitsekerero ziwiri paphando, kutali ndi tsinde ngati kutalika kwa chala.

Mbali inayo ndinabzala mtedza wa Kakoma, womwe umacha msanga kuno kotentha, ndi nandolo wa Mwaiwathualimi m'mizere yomweyo motalikirana. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, ndiye salimbana ndi mtedza. Pamilambala ya akalozera ndinaokera udzu wa vetiva wogwira dothi, ngolo imodzi K4,000, ndi gilisidiya kumalire.

14 Januwale 2024: chikasu, udzu, mbozi

Chimanga changa chinasanduka chachikasu pamene cha apongozi, cha pamizere, chili chobiriwira. Anthu odutsa ankaima n'kumaloza. Mayi a ana anandifunsa usiku wina, "Bambo a ana, kodi sitikhala ndi njala ndi zimenezi?" Sindinawayankhe zambiri chifukwa nanenso mtima unali m'mwamba.

Udzu wouma ukamaola umayamba wabwereka chakudya chomwecho chimene chimanga chikufuna. Chikasu chinali chachikulu kumene manyowa a chimato sanafike. Ndinathira thumba lachiwiri lija msanga, ndipo ndinaviika theka la thumba la manyowa a mbuzi mumgolo wa madzi kwa sabata ziwiri, n'kumathira kapu imodzi paphando nditasungunula ndi madzi ena. Patatha masiku khumi mtundu unabwerera.

Udzu womera unavuta pomwe chophimba chinali chopyapyala. Khovani ndi chisoso zimazuka ndi manja, ndipo chisoso chinkapita kukhitchini. Kapinga ndiye mdani: ukamudula pamwamba amaphukira pansi pa mapesi osaoneka. Anzanga ena amapopera mankhwala opha udzu. Ine ndinasankha kumufukula ndi kakhasu kakang'ono n'kumutaya kunja kwa munda. Kupalira kawiri, ganyu K15,000, kuposa mmene ndikanalipirira pamizere.

Ntchembere zandonda zinafika chimanga chili m'mawondo. M'mawa uliwonse tinkayenda mzere ndi mzere kuyang'ana masamba obooka ndi zitosi zake zonga utuchi. Tinkathira mchenga wosakaniza ndi phulusa m'kati mwa nsonga, ndipo kawiri ndinawaza msuzi wa usipa wothira shuga pang'ono kuti uitane nyerere. Ndinaona ndi maso anga nyerere zikukoka mbozi kuitulutsa m'chimanga. Sizinathe zonse, koma sizinatilande munda.

25 Febuluwale 2024: ng'amba

Mvula inadula kumayambiriro kwa mwezi, chimanga chikuyandikira kumasula. Lero ndi tsiku la 20 kopanda dontho. Cha pamizere chikupota masamba dzuwa lisanafike pamutu, ndipo m'mawa chikumadzuka chisanatambasuke bwino. Changa chikufota masana koma madzulo chikubwerera.

Masana ano ndinachita chinthu chomwe ndikupempha aliyense woyesa ulimiwu adzachite. Ndinaponda ndi phazi lopanda nsapato pamzere wa apongozi, ndipo sindinathe kuima, mchenga unali wotentha ngati chiwaya. Kenako ndinakankha udzu m'munda mwanga n'kulowetsa dzanja. Dothi linali lozizira, ndipo nditalifinya linagwirana. Pansi pa udzu panali timabowo ta chiswe tambirimbiri, ndi dothi lofewa lomwe chakwezera pamwamba. Ndinaitana mayi a ana kuti adzagwire okha. Anagwira, anakhala chete, kenako anapita kukaitana amayi awo.

Chiswe chomwe apongozi ankaopa chinabweradi, koma chinatanganidwa ndi udzu. Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti chikuudya mofulumira, ndipo pena dothi layamba kuonekera.

12 Meyi 2024: kukolola

Chaka chino chinali cha ng'amba ya El Niño, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Pa kota ya eka ndinapeza matumba atatu a makilogalamu 50 ndi ndowa imodzi. Pamalo ofanana kukula kwake m'munda wa mizere panatuluka thumba limodzi ndi theka. Mtedza unavutika ndi ng'amba, matumba awiri osaswa, wambiri mphwephwa.

Chimanga chitauma, kumene udzu unatheratu chiswe chinayamba kudula mapesi m'tsinde, ndipo chogwa pansi chinadyedwa. Ndinataya pafupifupi ndowa ziwiri. Ndikanadula msanga n'kuimika mikukwe.

Ndalama zonse zomwe ndinalowetsa chaka choyamba zinapitirira pang'ono K97,000, osawerengera thukuta la pakhomo. Kunena zoona, chimanga chokhacho sichinabweze bwino ndalamayi. Koma ngalande, vetiva ndi mitengo sizidzagulidwanso.

20 Ogasiti 2024: nandolo ndi mbuzi

Nandolo amakhala m'munda anthu onse atakolola, pamene ziweto zamasulidwa. Munda wonse wa m'mudzi uli mbuu, iye yekha ali wobiriwira, ndiye mbuzi iliyonse imalunjika kumeneko. Sabata imodzi ya Juni zinakungudza mizere itatu ya kumalire ndi kudya nsonga za gilisidiya. Zinayamba ndi mbuzi zathu zomwe.

Ndinamanga khola la m'mwamba, la mitengo ndi nsungwi, misomali makilogalamu awiri ndi mmisiri K28,000. Mbuzi zathu zisanu zimagona mmenemo, zitosi zimagwera pansi pouma, ndipo ndimangokokola ndi fosholo. Manyowa amene kale ankamwazika m'mudzi monse tsopano ndikudzaza thumba pa sabata ziwiri. Kuzungulira theka la eka ndinatchinga ndi nthambi zaminga, ndipo m'kati mwa mingayo ndabzala khonje kuti udzakhale mpanda wamuyaya. Minga yokha imafuna kuwonjezera mwezi uliwonse.

Nandolo wotsala anatipatsa ndowa zitatu, kuphatikiza amene tinadya wamuwisi. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi masamba ake. Pansi ponse panali chiphimbo chakuda cha masamba oyoyoka, chomwe sindinanyamule pangolo ndipo moto sungachitenge mosavuta ngati mapesi. Mitengo yake sindinazule. Ndinadula m'tsinde, nthambi zinapita kukhitchini ngati nkhuni, mizu inatsala kuti iolere pansi.

Mapesi a chimanga chaka chino ndinawasanja pathandala tsiku lomwe tinamaliza kukolola. M'munda ndinasiya ochepa ogonekedwa. Moto unadutsanso kumalire mu Sepitembala, unafika pampata wolambula uja n'kuzima.

28 Disembala 2024: kusinthana

Chimanga chapita kumene kunali nandolo ndi mtedza. Pobowola mapando, kamtengo kankalowa kosavuta makamaka pafupi ndi zitsa za nandolo, ndipo chitsulo chija sitinachigwiritse ntchito mbali imeneyi. Mbali inayo, komwe kunali chimanga, pansi n'polimbabe ndithu. Manyowa a chimato chaka chino ndinali ndi milu itatu, ndiye phando lililonse lalandira. Feteleza wakwera kwambiri, ndagula makilogalamu 10 a NPK opangira Mbeya ndi 8 a Urea, K45,000.

9 Febuluwale 2025: ngalande yaphulika

Usiku wa Lachinayi kunagwa chimvula cha maola atatu. Ngalande inadzaza, madzi onse anathamangira kumapeto a kumwera n'kuboola mlambala, ndipo anakokolola mizere isanu ndi umodzi ya mtedza pamodzi ndi chophimba chake. Chaka chatha sizinaoneke chifukwa mvula inali yochepa.

Nditayezanso ndinapeza kuti mbali imeneyo inali yotsika ndi pafupifupi chikhatho chimodzi ndi theka. A-felemu yanga ndinailemba chizindikiro cha pakati mongoyerekeza ndi maso. Njira yake ndi iyi: uimike pamalo, ulembe pomwe chingwe chagwera, uitembenuze miyendo isinthane malo omwewo, ulembenso, ndipo pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye pakati penipeni. Ndinayezanso motero m'mawa kopanda mphepo. Kumwera ndinakweza mlambala, m'ngalande ndinasiya timipanda tadothi mapazi khumi alionse kuti madzi asamathamangire mbali imodzi, ndipo ndinakonza potulukira madzi osefukira, poyala miyala, kuloza m'chigwembe chomwe chili ndi zotchinga kale. Masiku awiri, ine ndi mlamu wanga, popanda ndalama.

Pamene vetiva anagwirana bwino, mlambala sunasunthe. Unaboka pomwe mbuzi zinamudya chaka chatha n'kusiya mpata. Ndagawa mapesi ake n'kuokera m'mipata monse, motalikirana ngati chikhatho. Kachigwembe kaja kadzaza mchenga mpaka theka, ndipo mayi a ana abzalamo nthochi ziwiri.

Pokonza ngalandeyo ndinapeza nyongolotsi zitatu pafosholo imodzi. M'munda uno sindinaionepo nyongolotsi chibwerereni pamudzi pano.

18 Meyi 2025: kukolola kwachiwiri

Chimanga ndinadula msanga n'kuimika mikukwe, ndipo chiswe sichinapeze kanthu. Pa kota ya eka patuluka matumba asanu ndi theka. Chikasu cha Januwale chija chaka chino sichinaoneke. Kaufiti alipobe, makamaka kumunsi, koma ndi wochepa poyerekeza ndi kale, ndipo tinkamuzula asanachite maluwa n'kukamutentha kunja kwa munda kuti njere zisagwere m'nthaka. Njere zake zimakhala m'dothi zaka zambiri, ndiye ntchito imeneyi ipitirira. Mtedza matumba atatu ndi theka osaswa, ngakhale madzi anawononga mizere ija.

Gilisidiya wafika pondipitirira. Ndamudula m'chiuno, masamba ndayala m'munda ndipo ena ndaika mu mulu wa manyowa. Pa misangu 11 ya m'machubu yatsala 7, yofika m'bondo. Mphukira zinayi zija zafika m'chifuwa. Mthunzi wake ndi masamba ake adzathandiza ana athu kuposa ife, chifukwa msangu suthamanga.

7 Juni 2025: malo awonjezeka

Apongozi atumiza mawu kudzera mwa mwana wawo kuti mapesi a m'munda mwawo chaka chino asatenthedwe, ndipo ndingathe kutenga theka lina la eka, loyandikana ndi msangu waukulu. Anawonjeza kuti mizere ya mbatata ndi chinangwa ndisaikhudze, ndipo sindiikhudza.

Vuto ndi lomwe lija la chophimba. Mapesi onse a munda uno sangakwane eka yathunthu, ndipo anansi omwe ankandipatsa ulere ayamba kusunga awo, mmodzi akuti ngolo ndi K6,000. Pa theka latsopanoli ndiyamba ndi nandolo ndi khobwe m'malo mwa chimanga, kuti malowo adzipangire okha chophimba ndi kuswa pansi polimba. Thandala lachiwiri likufunika mitengo 12 ndi nsungwi, ndipo liyenera kutha sabata ino ziweto zisanamasulidwe. Njere za msangu ndatola kale, koma ndidzafesa kumayambiriro kwa Novembala, kuti podzaokera muzu usanaboole chubu.